Netiweki Ikagwa pa Tsiku la Masankho, Tidzadziwa Bwanji Cimene Caigwetsa?

Pa Lacinayi, pa 12 August 2021, anthu ali pa mizele kuyembekezela kuponya voti, WhatsApp inaleka kusewenza ca kumasana. Posakhalitsa Facebook, Messenger, Instagram ndi Twitter nazonso zinangoti zii. Ambili a ife tinayamba kuimba mlandu foni. Ena anaizima ndi kuiyatsanso, ena anagula bando ina poganiza kuti yoyamba yatha, ena anakwela pa culu kusakila netiweki. Koma foni inalibe mlandu, ndipo netiweki inalipo. Kutuma foni kunali kutheka, mameseji wamba anali kupita bwinobwino. Panali cipata cimene cinatsekedwa, ndipo anacitseka ndi anthu.

Pa 13 August 2026 dziko lathu lidzaponyanso voti. Tisanafike tsikulo, ndi bwino kuti ife a mu mipingo timvetse mmene intaneti imayendela. Sitikamba zakuti abusa ndi akulu a mpingo asanduke mainjiniya. Tikamba za cidziwitso cocepa cabe, cokwanila kuti netiweki ikagwa tithe kusiyanitsa ngozi ndi dala. Munthu amene sadziwa njila imene uthenga wake umadzela amavomela ciliconse cimene wauzidwa.

Ulendo wa cithunzi cimodzi

Tiyelekeze kuti mayi wa Cigwilizano ku Katete wajambula pulogilamu ya malilo ndipo afuna kuitumiza pa WhatsApp kwa mlongo wake ku Chipata, mtunda wosakwana makilomita 100. Akadina pa foni, cithunzico sicicoka cathunthu. Foni imacidula m'tizidutswa tambilimbili tochedwa mapaketi. Zili ngati mmene mlimi amacitila ndi cimanga: sanyamula mulu wonse nthawi imodzi, amathila m'matumba, ndipo thumba lililonse amalilemba kumene lacoka ndi kumene lipita. Matumbawo angakwele malole osiyana ndi kufika nthawi zosiyana. Wolandila amawawelenga, ndipo likasowa limodzi amaitanitsa lomwelo cabe.

Zolemba za pa thumba ndi manambala ochedwa adilesi ya IP. Makina aliwonse amene ali pa intaneti amadziwika ndi nambala yotele. Popeza anthu sitingasunge manambala onsewo m'mutu, pali dongosolo lochedwa DNS limene limasandutsa dzina kukhala nambala, monga mmene foni yanu imacitila mukasankha dzina la abusa, iyo n'kuimba nambala yawo.

Kucoka pa foni, mapaketi amauluka pa mafunde a wailesi mtunda waufupi cabe, kufika pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi, ija timati tawa. Apa ndiye pamathela mbali yaikulu ya ulendo wa mumlengalenga. Tawa ina imapatsila tawa inzake, koma potsiliza uthenga umalowa mu nthambo za faiba zokwililidwa m'mbali mwa misewu kapena zomangidwa pa mapolo a malaiti. Mkati mwa nthambozo muli tiulusi ta galasi toonda ngati tsitsi, ndipo uthenga umayendamo monga kuwala, pa liwilo la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi.

Pa mphambano iliyonse pali makina ochedwa router. Nchito yake ndi imodzi: kuwelenga adilesi ya paketi ndi kuilozela njila. Ganizilani za pa Kapiri Mposhi, pamene msewu wina umaloza ku Copperbelt ndipo wina ku Nakonde. Router ndiye woimilila pa mphambano yotelo, ndipo njila imodzi ikaduka amasakila ina ngati ilipo.

Cimene cimadabwitsa ambili ndi ici: cithunzi ca mayi uja sicipita ku Chipata mwacindunji. Cimayamba capita ku makompyuta a kampani ya Meta, eni ake a WhatsApp, amene ali kunja kwa dziko lino, ndiyeno n'kubwelela kwa mlongo wake. Uthenga wa pakati pa anthu awili a cigawo cimodzi umadumpha malile a dziko kawili, zonsezi m'kanthawi kocepa cabe.

Conco intaneti ndi maneti masauzande ambili, a makampani, a mayunivesiti ndi a maboma, amene anagwilizana kukamba cinenelo cimodzi cochedwa TCP/IP. Inayambila ku America mu 1969 ndi makompyuta anayi cabe. Zambia inalumikizidwa mokwanila mu November 1994 kudzela mu ZAMNET, kampani imene inabadwila pa University of Zambia, ndipo tinali pakati pa maiko oyambilila mu Africa kutelo. Palibe munthu mmodzi amene ndi mwini wa intaneti yonse. Koma nthambo iliyonse, tawa iliyonse ndi router iliyonse ili ndi mwini wake. Ndiye cifukwa cake ingaduke, ndipo ingadulidwe.

Dziko lopanda gombe

Ambili timaganiza kuti mauthenga opita kutsidya kwa nyanja amadzela pa masetilaiti. Zoona zake ndi zakuti oposa 95 pa 100 alionse amadzela mu nthambo zogonekedwa pansi pa nyanja zamcele. Pakati pa nyanja, kumene kuli kozama, nthambo yotele kunenepa kwake sikuposa paipi yothilila dimba.

Zambia yazungulilidwa ndi maiko asanu ndi atatu ndipo ilibe gombe. Monga mmene mafuta a galimoto ndi feteleza zimatipezela kudzela kwa anansi, intaneti nayonso imatelo. Nthambo zathu zimatulukila pa malile monga Nakonde, Chirundu ndi Sesheke, kukakumana ndi za pansi pa nyanja ku Dar es Salaam, ku magombe a South Africa ndi ku Swakopmund ku Namibia. Kum'mawa kuli nthambo za Seacom, imene inayamba nchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Kumadzulo kuli WACS ya mu 2012, ndi Equiano ya kampani ya Google imene inafika ku Namibia mu 2022.

Caka ca 2024 cinationetsa kufooka kwa njila zimenezi. Mu February nthambo zitatu zinaduka mu Nyanja Yofiila. Pa 14 March zina zinayi, kuphatikizapo WACS, zinaduka kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire, ndipo vutolo linamveka mpaka ku South Africa. Ndiyeno pa Sondo, pa 12 May, EASSy ndi Seacom zinadukila pamodzi kumpoto kwa Durban. Anansi athu a ku Tanzania, Malawi ndi Mozambique anavutika kwambili, cakuti ofesi ya kazembe wa America ku Dar es Salaam inatseka zitseko kwa masiku awili. Panatenga masabata kuti sitima yokonza nthambo ifike pamalopo, iwedze mbali zodukazo pansi pa nyanja ndi kuzilumikizanso.

Ngozi zotele si zacilendo. Pa dziko lonse nthambo za m'nyanja zimaonongeka nthawi zoposa 100 caka ciliconse, makamaka cifukwa ca anangula a sitima ndi makoka a asodzi. Dziko limene lili ndi njila zambili limangocedwa pang'ono, koma lodalila njila imodzi limakhala mu mdima. Kwa ife, kukhala ndi anansi ambili ndi dalitso, malinga makampani athu agule njila kum'mawa, kum'mwela ndi kumadzulo komwe, osati kumene kwachipa cabe.

Kuyambila October 2023 kulinso Starlink, imene imasewenzetsa masetilaiti ozungulila pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550 kumwamba. Yathandiza masukulu, zipatala ndi mafamu akutali kumene nthambo sizinafike. Koma mtengo wa zipangizo zake suli wa munthu wamba, imasewenza ndi cilolezo ca boma monga makampani ena onse, ndipo nayonso imafuna malaiti.

Tawa nayo imadya malaiti

Vuto laciwili tonse tilidziwa, cifukwa tinagona nalo mu mdima. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Malaiti athu ambili amacokela ku madzi, ndipo madzi atacepa ku Kariba, malo ena anali kukhala maola ofika 21 pa tsiku opanda malaiti. Tawa ili ndi mabatile, ndipo zambili zili ndi jeneleta, koma zimenezi anazikonzela kuzima kwa maola ocepa. Batile imene siinapeze nthawi yodzaza imafa msanga, ndipo dizilo imafuna ndalama ndi galimoto yoipeleka. Tawa ikazima, zonse za m'dela limenelo zimazima nayo: kutuma foni, mameseji, ndalama za pa foni ndi intaneti.

Apa tiona kuti nkhani ya intaneti siingapatulidwe ku nkhani ya mvula, ya mitengo imene tidula m'mbali mwa mitsinje, ndi ya ndalama zimene dziko liika ku malaiti a dzuwa. Mayi wogulitsa tomato amene kasitomala wake walephela kumulipila pa foni cifukwa netiweki yagwa, wagwidwa ndi cilala ca ku Kariba ngakhale sanaikepo phazi ku Siavonga.

Cipata cimene anthu amatseka

Vuto lacitatu ndilo tinayamba nalo. Ngakhale kuti mafoni ali mamiliyoni, onse amadzela m'makampani owelengeka cabe: Airtel, MTN, Zamtel, Zed Mobile, ndi ena ocepa opeleka intaneti ya m'nyumba ndi m'maofesi. Onsewa amasewenza ndi cilolezo ca bungwe la boma la ZICTA. Kuti dziko lonse likhale cete, sipafunika kudula nthambo iliyonse. Lamulo lofika ku maofesi ocepa mu Lusaka ndi lokwanila.

Njila zotsekela ndi zingapo. Angauze DNS kuti isayankhe munthu akafunsa dzina lakuti. Angauze ma router kuti ataye paketi iliyonse yopita ku maadilesi akuti. Angaike makina owelenga dzina la pa thumba lililonse ndi kubweza amene sawafuna, monga pa lodibuloko. Angacepetse liwilo mwadala kuti mau apite koma vidiyo ikane. Kapena angazime zonse.

Mu 2021, kutatsala masiku ocepa kuti tivote, akuluakulu a boma anali atakana mphekesela zakuti intaneti idzatsekedwa. Itatsekedwa, mabungwe oyeza intaneti a NetBlocks ndi OONI anaonetsa kuti mapulogilamu omwewo analeka kusewenza pa maneti osiyanasiyana nthawi imodzi. Bungwe la Chapter One Foundation linathamangila ku khoti, ndipo pa 13 August Khoti Yaikulu inalamula kuti atsegule. Mlanduwo unatha mu March 2022 ndi cigwilizano cosindikizidwa ndi khoti. ZICTA inavomela kuti siidzacita ciliconse kunja kwa mphamvu zimene lamulo linaipatsa cosokoneza kuyenda kwa mauthenga, ndiponso kuti intaneti ikasokonezeka idzauza anthu cifukwa cake pasanathe maola 36. Lonjezo limeneli ndi cuma ca mtundu wonse, koma ndi ocepa amene alidziwa.

Tisaganize kuti zimenezi zinapita ndi boma lakale. Ku Mozambique, pambuyo pa masankho a mu October 2024, intaneti ya pa foni inali kuzimidwa mobwelezabweleza pamene anthu anali kucita zionetselo. Ku Tanzania, pa tsiku la masankho la 29 October 2025, inazimidwa m'dziko lonse kwa masiku angapo, ndipo m'masiku amdimawo munafa anthu ambili. Cipata cimakhalapo nthawi zonse, ndipo ciyeso cocitseka cimagwela aliyense amene wagwila makiyi, kaya ndi wa cipani citi. Amene analila mu 2021 ndiwo ali ndi makiyi lelo. Tiwakumbutse mwaulemu mmene zinawawawila.

Mmene tingasiyanitsile

Mavuto atatuwa ali ndi zizindikilo zosiyana, ndipo munthu aliyense angaziphunzile.

Ngati tawa yazima, zonse zimafa pamodzi, ngakhale kutuma foni, koma m'dela lanu lokha. Mukayenda makilomita ocepa, kapena mukayesa SIM ya kampani ina, mungapeze kuti zili bwino.

Ngati nthambo yaikulu yaduka, kutuma foni ndi mameseji wamba zimasewenza, koma intaneti yonse imakwawa, makamaka zinthu zocokela kunja. Kawilikawili maiko oyandikana nafe amadandaula nthawi imodzimodzi, ndipo makampani sacedwa kulengeza cifukwa alibe cobisa.

Ngati ndi dala, mapulogilamu ena amafa pamene ena ali moyo. WhatsApp ikana, koma Google itseguka. Zimacitika pa makampani onse ola limodzi, m'dziko limodzi lokha, pa tsiku lokayikitsa. Ndipo amene ali ndi VPN amapitilila kuceza. VPN imaika thumba lanu mkati mwa thumba lina lolembedwa adilesi yosiyana, motelo wa pa lodibuloko saona kumene lipita. Nthambo yoduka siinganamizidwe mwa njila imeneyi. Nthawi zina kampani monga Meta imagwa yokha, koma zikatelo dziko lonse lapansi limalila pamodzi, osati Zambia yokha.

Pa VPN ticenjezepo: mwini wake ndiye amaona kumene mauthenga anu onse apita. Zambili zaulele zimapeza phindu pogulitsa mbili ya ozisewenzetsa. Osangoika iliyonse imene mwana wa m'nyumba wakuuzani.

Envulopu yomata, adilesi yoonekela

Pali nkhani ina yogwilizana ndi iyi. Mu April 2025 Pulezidenti anasaina malamulo awili, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, olowa m'malo mwa lamulo la mu 2021. Boma likamba kuti colinga ndi kuteteza anthu ku akuba a pa foni, ogwilila ana ndi onyoza anzawo pa intaneti, ndiponso kuti kumvetsela mauthenga a munthu kumafuna cilolezo ca khoti. Otsutsa, kuphatikizapo bungwe la maloya la Law Association of Zambia, akuti mphamvu zake n'zazikulu kwambili, mau ena m'malamulowo ndi otambalala, ndipo bungwe loyang'anila laikidwa pansi pa ofesi ya Pulezidenti.

Kuti titsatile mtsutso umenewu tifunika kudziwa cimene cimaoneka pa netiweki. Mauthenga a WhatsApp amamatidwa kucokela pa foni ya wotumiza kufika pa foni ya wolandila, cakuti kampani ya netiweki siingawelenge za mkati. Koma imadziwa kuti nambala yakuti inali pa tawa yakuti, pa ola lakuti, ndipo inasewenzetsa pulogilamu yakuti. Nambalayo inalembetsedwa ndi NRC yanu. Kutuma foni wamba ndi mameseji wamba zilibe cimato cotelo. Ndipo m'gulu la anthu 200, cimato sicithandiza ngati mmodzi wajambula zimene mwalemba ndi kuzipeleka kwina. M'busa amene amalandila zinsinsi za nkhosa zake pa foni ayenela kudziwa zimenezi.

Cifukwa cake mpingo uyenela kulankhulapo

Wina angafunse kuti, kodi zimenezi n'za mpingo? Uthenga Wabwino wakhala ukuyenda pa njila zomangidwa ndi ena kuyambila kale. Makalata a mtumwi Paulo opita ku Efeso ndi ku Kolose ananyamulidwa ndi Tukiko pa misewu ndi zombo za mu ufumu wa Roma. Lelo zilengezo za malilo, zopeleka za pa foni, maulaliki opita kwa odwala ndi kwa ana athu okhala kunja, zonse zimadzela pa tawa ndi pa nthambo.

Koposa apo, mipingo ili ndi udindo pa masankho. Kudzela mu Christian Churches Monitoring Group, imatumiza oyang'anila ku malo ovotela m'dziko lonse, ndipo malipoti awo amayenda pa foni. Zotulukapo za pa malo aliwonse ovotela zimalengezedwa ndi kumatidwa poyela, ndipo munthu akazijambula ndi kuzitumiza, kubela kumavuta. Mtendele umene timapemphelela umakhazikika pamene woluza wakhutila kuti waluzadi. Mdima wa pa intaneti umacotsa kukhutila kumeneko.

Tisabise kuti a boma ali ndi nkhawa yomveka. Pa intaneti pamayenda zotulukapo zabodza, zithunzi zakale zonamizila kuti n'zalelo, ndi mau osonkhezela cidani ca mitundu. Pa tsiku lovota mu 2021 panali ciwawa ndipo anthu anafa. Koma kutseka cipata kumatsekela pamodzi wabodza ndi womutsutsa, wakuba ndi namwino amene afunsa malangizo kwa dokotala. Mphekesela siifa intaneti ikazima. Imangosamukila pa msika ndi mu minibasi, kumene kulibe woitsutsa. Wolakwa aimbidwe mlandu payekha, mtundu wonse usalangidwe cifukwa ca iye.

Nafenso tidziyang'ane. Mabodza ambili amene amazungulila m'magulu a WhatsApp a mipingo amatumizidwa ndi Akhristu okhulupilika amene sanafunse kumene nkhaniyo yacokela. Akulu anati safunsa anadya phula. Lamulo loletsa umboni wonama limagwilanso nchito pa cala cimene cidina foni.

Zoyenela kucita nthawi ikalipo

Coyamba, atsogoleli a mipingo apemphe boma ndi ZICTA kuti alonjeze poyela, ndi molemba, kuti intaneti idzakhala yotsegula masankho asanacitike, pa tsiku lovota, ndi powelenga mavoti. Apemphenso zipani zonse kuti zivomeleze lonjezo lomwelo.

Caciwili, makampani a netiweki auze anthu msanga cimene cacitika nthawi zonse pakakhala vuto, ndipo akalandila lamulo lotseka, anene amene walipeleka ndi ndime ya lamulo imene waimilapo. Akonzekeletu mabatile, dizilo ndi malaiti a dzuwa pa matawa a kumidzi mwezi wa August usanafike.

Cacitatu, mpingo uliwonse ukhale ndi njila yaciwili. Mlembi asunge manambala a akulu a madela m'buku, osati m'gulu la WhatsApp lokha. Mugwilizane za amene adzatumila ndani meseji wamba, ndi wailesi ya m'dela imene mudzamvetsela. Intaneti ikagwa, lembani ola, malo, kampani, ndi zimene zikana ndi zimene zisewenza. Zolemba zotele zocokela ku mipingo 100 ndi umboni umene khoti ingaumve.

Cacinayi, tisaiwale amene sanafike n'komwe pa msewu umenewu. Kafukufuku wa ZICTA wa mu 2022 anapeza kuti munthu mmodzi cabe pa anayi alionse ndiye anali atasewenzetsapo intaneti. Ambili otsalawo ali kumidzi, kumene kuli mipingo yathu yoculuka. Acinyamata athu amene anaphunzila za makompyuta apatsidwe mpata, ngakhale theka la ola pambuyo pa mapemphelo, kuti afotokozele makolo zinthu izi m'cinenelo cawo.

Pa 13 August netiweki ingagwe pa zifukwa zosalakwa. Batile ingathe, nangula angakoke nthambo ku Durban. Zikatelo tisathamangile kunamizila munthu. Koma WhatsApp ikadzafa pamene Google ili moyo, pa makampani onse ola limodzi, tisadzazimenso foni ndi kuiyatsa. Tidzayambe kuwelenga maola 36 aja, ndipo tidzafunse amene ali ndi makiyi kuti atiuze anatseka ndani, ndi lamulo liti.